Mpira Umene Charlie Brown Sanaumenye: Za Kukoma kwa Makatuni a M'nyuzipepala

Pali chizolowezi china chimene ambiri mwa ife otchedwa ophunzira sitikonda kuchivomera pagulu. Nyuzipepala ikafika m'manja mwathu, timayamba tayang'ana mitu ikuluikulu ya tsamba loyamba nkhope ili ndwii, monga kuyenera munthu wodera nkhawa za dziko. Koma tikaona kuti palibe wotipenya, timatembenuza masamba msangamsanga mpaka pangodya paja pamene pali timabokosi titatu kapena tinayi ta zithunzi zoseketsa. Pamenepo timamwetulira, mwinanso kuseka pang'ono, kenaka n'kubwerera ku nkhani za maboma ndi za kukwera mitengo kwa zinthu, ngati kuti sitinapatuke konse. Wina akatipezerera, timati tinali kungodutsapo.

M'nkhani ino tifuna kufunsa ngati manyazi amenewa ali ndi maziko. Yankho lapafupi lilipo kale. Thomas Aquinas anaphunzitsa m'buku lake la Summa Theologiae kuti mzimu wa munthu umatopa monga momwe thupi limatopera, kuti mankhwala ake ndi mawu ndi zochita zosangalatsa, ndiponso kuti munthu wosafuna kuseka konse nayenso ali ndi chilema. Zimenezi n'zoona, koma zingotiuza kuti kupuma n'kololedwa. Sizitiuza ngati m'tizithunzi timeneti, timene timatitcha makatuni, muli kanthu koyenera kukalingalira. Popeza funso lotere silingayankhidwe m'malere, tasankha chitsanzo chimodzi, ndicho Peanuts, ntchito ya Charles M. Schulz wa ku America. Ganizo lathu ndi lakuti kukoma kwa katuni ya tsiku ndi tsiku kwagona pa kubweranso kwake mawa ndi mkuja, anthu ake ali omwewo ndi zofooka zawo zomwezo. Nthabwala ya tsiku limodzi payokha ndi kagawo kochepa chabe.

1. Malo ochepa, zaka zambiri

Sitibisa kuti mtundu uwu wa zolemba unabadwira m'malonda. Mu 1895 Richard Outcault anayamba kujambula m'nyuzipepala ya New York World kamwana kadazi kamene kanadzatchuka ndi dzina loti Yellow Kid, ndipo mu 1907 Bud Fisher anayamba kutulutsa katuni ya tsiku ndi tsiku m'nyuzipepala ya San Francisco Chronicle, imene pambuyo pake inatchedwa Mutt and Jeff. Eni nyuzipepala anazindikira msanga kuti munthu amene wazolowerana ndi anthu a m'katuni adzagulanso nyuzipepala ya mawa kuti akawaone.

Schulz anabadwa mu 1922 ku Minneapolis, nakulira ku St. Paul kumene bambo ake anali ometa tsitsi. Peanuts inatuluka koyamba pa 2 Okutobala 1950 m'manyuzipepala 7 okha. Dzinalo anasankha ndi kampani yogulitsa makatuni ya United Feature Syndicate, ndipo mwini wake sanalikonde moyo wake wonse. Kampaniyo inkatsatsa katuniyi kwa akonzi ngati chodzazira malo otsala: timabokosi tinayi tofanana kukula, toti mkonzi akhoza kutiyala chopingasa, chotsika kapena tiwiritiwiri, malinga ndi mpata umene wapezeka patsamba. M'kamalo konyozeka kameneka Schulz anagwiramo ntchito zaka pafupifupi 50. Anajambula makatuni 17,897, onse ndi dzanja lake, ngakhale zilembo zomwe, wopanda womthandiza; ndipo pachimake pake ankatuluka m'manyuzipepala oposa 2,600 m'mayiko 75.

Kuchepa kwa malo kunamphunzitsa kusawononga kanthu. Mutu wa Charlie Brown ndi wobulungira ngati dzira. Maso ndi timadontho tiwiri, pakamwa ndi kamzere kamodzi. Akafuna kuonetsa nkhawa, Schulz ankangowonjezera timizere tiwiri tokhota pambali pa maso, basi mwana uja wasanduka munthu wosowa pogwira. Akuluakulu saoneka pafupifupi konse; dziko lonse tikuliona pa msinkhu wa mwana. Kayendedwe ka timabokosi nakonso kali ndi luso lake. Koyamba kamatula nkhani, kachiwiri kamaikankha, kachitatu kawirikawiri kamakhala chete, wina akungoyang'ana mnzake, ndipo kachinayi kamagwetsa zonse. Amene anamverapo wokamba nthano waluso adziwa kuti mphamvu ya mawu omaliza imachokera pa kakhalidwe chete kamene kamawatsogolera.

Katuni yoyamba yeniyeniyo inaonetsa kale mtima wa ntchito yonse. Ana awiri akhala m'mbali mwa msewu. Charlie Brown akudutsa akumwetulira. Mnyamata mmodzi akumutchula mokoma ngati bwenzi. Koma atangopita, m'kabokosi komaliza, mnyamata yemweyo akuti amamuda. Owerenga a mu 1950 anazolowera ana a m'makatuni ochita zachibwana. Apa anakumana ndi ana okhala ndi nkhanza, nsanje ndi kusungulumwa kwa akuluakulu.

2. Mpira wa chaka ndi chaka

Kuti timvetse bwino za kubwereza, tiyeni tikhalitse pa chithunzi chimodzi. M'mpira wa ku America muli nthawi imene wosewera mmodzi amaimika mpira wosongoka uja pansi n'kuugwira ndi chala, kuti mnzake athamange adzaumenye. Womenyayo amaponya mwendo ndi mphamvu zake zonse podalira kuti wogwirayo sausuntha. Mu Novembala 1951 kamtsikana kotchedwa Violet kanagwirira Charlie Brown mpira, koma kanausiya poopa kuti amenya dzanja lake, iye n'kugwa. Chaka chotsatira ntchito yogwira mpira inapita kwa Lucy, ndipo pambuyo pake zinasanduka mwambo wa pafupifupi chaka chilichonse kufikira 1999. Lucy amaitana, Charlie Brown amakana, nakumbutsa za chaka chatha, Lucy amapereka chifukwa chatsopano chomukhulupirira, iye amabwerera m'mbuyo akudzilankhulira, amathamanga, mpira umachotsedwa, ndipo amauluka n'kugwa chagada. Chaka china Lucy anampatsa kalata yolonjeza yosainidwa bwinobwino, ndipo atagwa kale anamuuza kuti kalatayo inalibe chidindo cha munthu wa zamalamulo.

Tsono taonani chodabwitsa. Amati nthabwala imaseketsa chifukwa cha mathero osayembekezeka, koma apa palibe wowerenga amene sadziwa mathero. Chimene timadikira ndi njira yake: kodi chaka chino Lucy anena chiyani, ndipo chiyembekezo chilowera khomo liti mumtima mwa mwana amene analumbira kuti sadzapusitsidwanso? Zikufanana ndi nthano za Kalulu ndi Fisi. Ana okhala mozungulira moto amadziwa kuti Fisi apusitsidwa, komabe amapempha nthano yomweyo usiku wotsatira. Kusiyana kwake n'kwakuti m'nthanozo mitima yathu imatsata Kalulu wochenjera uja, pamene Schulz amatiimika pambali pa wopusitsidwayo, natimvetsa maganizo ake pamene akuthamanga.

Chaka chathunthu chimene chili pakati pa kugwa kumodzi ndi kunzake ndi mbali ya ntchitoyi. Munthu akasonkhanitsa makatuni onse a mpira n'kuwawerenga nthawi imodzi, Charlie Brown amaoneka chitsiru chosamva, ndipo pofika wakhumi kuseka kwatha. Koma wowerenga wa tsiku ndi tsiku amafika pa katuni imeneyi patapita miyezi 12, m'mene iyenso wakhululukirapo m'bale wake amene anamunamiza, wabwereketsanso ndalama kwa amene sanabweze, wabzalanso m'munda momwe mvula inamuchita chipongwe chaka chatha. Wowerenga wotere sangamutche Charlie Brown chitsiru popanda kudzitchula yekha.

Ena amafanizira zimenezi ndi Sisyphus, munthu wa m'nthano za Agiriki amene milungu inamulanga kuti azikankhira mwala pamwamba pa phiri, mwalawo n'kumagubuduzikanso mpaka muyaya. Albert Camus anamutenga mu 1942 ngati chithunzi cha moyo wopanda tanthauzo. Kufanizaku n'kokopa, koma ife tikuona kuti n'kolakwika. Sisyphus adziwa kuti mwala ugwa, ndipo ulemu wake uli pa kusadzinamiza. Charlie Brown akuthamanga chifukwa akuganiza kuti mwina munthu amasintha. Wina akulimbana ndi mwala, winayo akukhulupirira mnzake. Ndipo ngakhale chikhulupiriro chakecho chimamugwetsa, popanda icho ana awiriwa sakanaseweranso limodzi.

Schulz mwini anaonetsa kuti nkhaniyi si ya woipa ndi wabwino chabe. Mu 1979 Charlie Brown anadwala nagonekedwa m'chipatala. Lucy anavutika mtima kwambiri mpaka analonjeza kuti akachira sadzachotsanso mpira. Anachira, Lucy anasunga lonjezo, Charlie Brown anathamanga, naphonya mpira, namenya dzanja la Lucy. Apa tiphunzirapo ziwiri: wankhanza uja ali ndi mtima, ndipo kulephera kwa munthu sikuchokera kwa adani ake nthawi zonse.

3. Kodi tikuseka yani?

Wina angatitsutse ndi mawu olemera: kodi si nkhanza kuti munthu wamkulu azisangalala m'mawa uliwonse ndi kugwa kwa mwana? Ndithudi m'dziko la Peanuts zinthu siziyenda. Timu ya baseball ya Charlie Brown imagonja mosalekeza, kaiti yake imakodwa mumtengo, ndipo akafuna uphungu amapita pa kathebulo ka Lucy, amene amamulipiritsa masenti 5 kuti amunyoze. Chikondi nacho sichibwezedwa. Charlie Brown amakonda kamtsikana ka tsitsi lofiira kamene saalimba mtima kukalankhula, ndipo nkhope yake Schulz sanaijambule m'nyuzipepala. Lucy amakonda Schroeder, amene amakonda Beethoven yekha. Sally amakonda Linus, amene kuyambira 1959 ankachezera usiku m'munda wa maungu kudikira Chidzungu Chachikulu chimene sichinabwerepo.

Akatswiri a nzeru zakuya anayesa kufotokoza kuseka. Thomas Hobbes, m'buku la Leviathan la 1651, anati timaseka pamene mwadzidzidzi tadziona apamwamba poona chilema cha wina. Henri Bergson, mu 1900, anati timaseka pamene munthu wamoyo wachita ngati makina, ndipo kuti tiseke, chifundo chiyenera kuyamba chagona kanthawi. Onse awiri anagwira mbali ya choonadi. Kuseka kwa Lucy ndi kuja kwa Hobbes, ndipo Charlie Brown wothamangira mpira chaka ndi chaka ali ndi kamakina mwa iye. Koma maganizo awo amakwanira bwino pamene tikuseka mlendo amene sitidzamuonanso. Wowerenga amene wakhala ndi mwana uyu zaka khumi sangagonetse chifundo chake, pakuti mwanayo wasanduka mnansi.

Aristotle ndiye atithandiza kwambiri. Iye anati choseketsa ndi cholakwa kapena chilema chosapweteka ndi chosawononga. Kugwa chagada kumapweteka ndithu, komabe katuni ya tsiku ndi tsiku ili ndi lonjezo limene sewero lachisoni lilibe: mawa mwanayo adzakhalapo, atavala malaya ake omwe aja a mzere wokhotakhota, akuyesanso. Kulephera kumamufika koma sikumumaliza. N'chifukwa chake kuseka kwathu pamenepa n'kwa munthu wokumbukira mwambi uja wakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuseka kotere kumatifewetsa mtima, ndipo kumatipatsa njira yopenyera zogwa zathu popanda kutaya mtima. Umberto Eco, polemba za Peanuts ku Italy mu 1963 ndi 1964, anaona mwa ana amenewa matenda a m'maganizo a anthu aakulu a m'mizinda yamakono, ndipo anachenjeza kuti mphamvu yawo singamveke powerenga makatuni awiri kapena khumi okha. Pa mfundo yachiwiriyi tigwirizana naye kotheratu.

4. Kuveka katuni mkanjo

Pali njira ina yowerengera imene tiyenera kuchenjera nayo, makamaka ife ozolowera kufunafuna phunziro m'chilichonse. Mu 1965 Robert L. Short anatulutsa buku lotchedwa The Gospel According to Peanuts, limene linagulidwa kwambiri. Iye anaona tchimo lobadwa nalo m'nkhanza za anawa, ndipo mwa galu Snoopy anaonamo chifaniziro cha Mkhristu. Sanali kungopeka. Schulz ankadziwa Baibulo, anaphunzitsapo Sande sukulu, ndipo m'filimu ya pa wailesi yakanema ya A Charlie Brown Christmas, ya Disembala 1965, analimbikira kuti Linus alakatule nkhani ya abusa ya m'mutu wachiwiri wa Luka.

Komabe buku la Short, ndi ena otsata njira yake, amatenga katuni ngati chikho chonyamulira chiphunzitso chimene anali nacho kale. Akatsanula chiphunzitsocho, chikho n'kuchiika pambali. Ife tikukayika kuti mwina awa ndi manyazi aja tinayamba nawo, atangosintha malaya. Timadzilola kukonda katuni pokhapokha titaiveka mkanjo n'kuiimika pa gome lolalikira. Kutero n'kulakwira wojambula, amene ntchito yake yoyamba inali kuseketsa munthu wotopa m'masekondi ochepa; n'kulakwiranso chiphunzitso, chimene sichifunika kubisala kumbuyo kwa galu. Ngati Peanuts ili ndi nzeru, nzeruyo ili m'kamzere ka pakamwa ndi m'kabokosi kachitatu kopanda mawu, ndipo wothamangira kumasulira amaidumpha.

5. Zofooka zake

Kukonda chinthu sikutiletsa kuona zilema zake. Kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1960 Snoopy, wogona pa denga la kanyumba kake akulota kuti ndi woyendetsa ndege ya nkhondo, anayamba kuphimba ana aja. Anatchuka kotero kuti mu 1969 zombo ziwiri za ulendo wa Apollo 10 wopita kufupi ndi mwezi anazitcha Charlie Brown ndi Snoopy. Kutchukako kunabala zidole, makadi, makapu ndi malaya osawerengeka, ndipo kuyambira 1985 kufikira 2016 galuyu ankatsatsa malonda a kampani ya inshuwalansi ya MetLife. Vuto la zimenezi likhudza mfundo yathu yeniyeni. Nkhope yosindikizidwa pa kapu yachotsedwa m'masiku ake. Ilibe dzulo, ilibe mawa, imangomwetulira. Ambiri amene amadziwa Snoopy wa pa malaya sadziwa kuti anachokera m'dziko la ana osungulumwa. Bill Watterson, amene anajambula Calvin and Hobbes kuyambira 1985 mpaka 1995, anakana malonda otere, nasiya ntchito isanazilale.

Chofooka china chaoneka pa Franklin. Martin Luther King ataphedwa mu Epulo 1968, mphunzitsi wina wa ku Los Angeles, Harriet Glickman, analembera Schulz kumupempha kuti aikemo mwana wakuda. Franklin anatuluka pa 31 Julayi chaka chomwecho, ndipo pambuyo pake anakhala m'kalasi limodzi ndi ana achizungu. Ena a kummwera kwa dzikolo anadandaula, koma Schulz sanasinthe. Kulimba mtima kumeneku n'koyamikika. Komabe, poopa kumunyoza, anampanga mwana wanzeru, waulemu, wopanda chilema. Ndipo m'dziko limene aliyense timamukonda chifukwa cha chilema chake, wopanda chilema amakhala ngati mlendo wopatsidwa mpando wabwino, osaloledwa kulowa kukhitchini.

Tivomerenso kuti m'zaka zomaliza munali masiku ambiri ozizira, a nthabwala za gofu ndi za abale ake a Snoopy. Pa ichi chokha sitimuweruza mouma. Mnansi amene timapatsana naye moni m'mawa uliwonse salankhula zanzeru tsiku lililonse, ndipo sitileka kumulonjera chifukwa cha zimenezo. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mumtolo simulephera kukhala nkhuni zaziwisi.

6. Mathero

Owerenga okhulupirika anaona chinthu china chimene buku silingaonetse bwino: anaona wojambula akukalamba. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 dzanja la Schulz linayamba kunjenjemera, ndipo mizere yake inayamba kugwedera. Ana sanakule, koma dzanja lowajambula linali la nkhalamba. Mu Okutobala 1999 katuni yomaliza ya mpira inatuluka. Lucy anaitanidwa kunyumba kukadya, nasiyira mpira kamlongo kake Rerun. Kamwanako katalowa m'nyumba, iye anakafunsa ngati kanachotsa mpira, koma iko kanakana kumuuza. Owerenga nawonso sanauzidwe. Mu Disembala chaka chomwecho, atapezeka ndi khansa ya m'matumbo, Schulz analengeza kuti akupuma. Pocheza ndi mtolankhani wa pa wailesi yakanema misozi inalengeza m'maso mwake pokumbukira kuti mwana uja sanapeze mpata woumenya mpira. Katuni yomaliza ya pakati pa sabata inatuluka pa 3 Januwale 2000. Iye anamwalira kunyumba kwake ku Santa Rosa, California, pa 12 Febuluwale 2000, ndipo m'mawa mwake, Lamulungu, manyuzipepala anatulutsa katuni yake yotsazika, imene inali itasindikizidwa kale.

Ntchito yonseyi inasonkhanitsidwa m'mabuku 26 a The Complete Peanuts pakati pa 2004 ndi 2016, ndipo lero ambiri amaona makatuni pa foni kuposa pa pepala. Mabukuwo ndi chuma kwa wofufuza, koma amatiyesa kuti timeze m'sabata imodzi chimene chinapangidwa kuti chilawidwe m'zaka makumi asanu. Kwa amene afuna kudziwa kukoma kwenikweni kwa makatuni otere, kaya ndi a Schulz kaya ndi a wojambula wa m'nyuzipepala imene amagula, uphungu wathu ndi wakale ndithu: kuona maso a nkhono n'kudekha. Awerenge imodzi lero, atseke, apite ku ntchito zake, adzabwerenso mawa. Ndipo ife, nyuzipepala ikafika, wina akatipeza tili pangodya paja, sitidzanenanso kuti tinali kungodutsapo. Tidzamusendezera mpando kuti tione limodzi.